Buku la Hawking ndi Mafunso Otsala

Pali buku lina la Cingelezi limene ana athu a m'masukulu akuru amalichula kawirikawiri pofika kumudzi, dzina lace A Brief History of Time, ndiko kunena mbiri yaifupi ya nthawi. Analilemba Stephen Hawking, mphunzitsi wa ku Cambridge, ndipo linaturuka m'caka ca 1988. Mwini waceyo anali wopuwala thupi lonse, wolankhula ndi makina, namwalira mu 2018. Koma buku lace likali kuwerengedwa m'zinenero zambiri. Anyamata ena atamva mbiri yace amati, anzeru atha kudziwa zonse za kuthambo. Ndipo makolo pakumva mau otere anyansidwa, nakana zonse pamodzi. Ife tiyesa kuti onsewa aphonya, ndipo tifuna kulipeta bukuli monga apeta mapira m'licero, kuti maso akhale paokha, mankhusu paokha.

Tiyambe ndi maso. Hawking afotokoza bwino zimene zinayesedwa. Mu 1915 Albert Einstein anaphunzitsa kuti cinthu colemera monga dzuwa cimapinda danga locizinga, kotero kuti ngakhale kuunika kumakhota podutsa pafupi. Mau awa sanangobvomerezedwa cifukwa ca ulemu wa mwini wace ai. Pa kadamsana wa pa 29 May 1919, Arthur Eddington anapita ku cisumbu ca Principe, kumadzulo kwa Afrika, najambula nyenyezi zoyandikana ndi dzuwa, napeza kuti zioneka zosunthika pang'ono pamalo pace. Momwemonso Georges Lemaître mu 1927 ndi Edwin Hubble mu 1929 anaonetsa kuti milalang'amba, ndiyo magulu akuru a nyenyezi, iri kutalikirana. Ndipo mu 1965 Penzias ndi Wilson analengeza kuti apeza kafundidwe kotsala ka moto wa paciyambi, kofika kucokera mbali zonse za thambo. Pa izi bukuli ndi mphunzitsi wokoma, wosalemetsa ophunzira ndi masamu, ndipo tiliyamika.

Koma mankhusu aliponso. Bukuli lisiya wowerenga ndi ciyembekezo cakuti mapeto a ulendo ali pafupi, kuti posacedwa padzapezeka lamulo limodzi lomasulira zonse. Hawking anali atanena kale m'ciphunzitso cace ca 1980 kuti kapena lamulolo lidzapezeka caka ca 2000 cisanathe. Cakaco cinafika, cinapita, ndipo lamulo silinaoneke. Kufikira lero malamulo awiri akuru sanayanjanitsidwe: la Einstein, lolamulira nyenyezi ndi zinthu zazikuru, ndi la quantum, lolamulira tinthu tocepetsetsa ta m'kati mwa atomu. Liri lonse ligwira nchito bwino kwao. Koma pamene afunika onse awiri pamodzi, monga pa ciyambi peni peni, masamu asokonezeka. Mu 2002 Hawking yemweyo ananena poyera kuti wasintha maganizo ace pa za lamulo lotsirizalo. Timlemekeza pa ici. Koma ambiri amene amva za buku sanamve za kusinthako.

Zaka khumi zokha bukuli litaturuka, cinaoneka cinthu cimene silinaciyembekeze. Anzeru ankayesa kuti kutalikirana kwa milalang'amba kuli kucepa liwiro, monga mwala woponyedwa m'mwamba. Koma mu 1998 magulu awiri oyesa nyenyezi zophulika zakutali anapeza kuti liwirolo liri kukula. Cokankhaco anacicha dark energy, mphamvu yobisika. Ndipo kucipatsa dzina sikuli kucidziwa. Palinso cinthu cina cosaoneka, cochedwa dark matter, cimene cizindikirika ndi kukoka kwace kokha. Fritz Zwicky anaciganizira mu 1933, ndipo Vera Rubin analimbitsa umboni wace poyesa kuzungulira kwa milalang'amba m'zaka za m'ma 1970. Monga mwa miyeso ya makina a Planck ya 2013, pa magawo 100 a zonse ziripo, pafupifupi 68 ndi mphamvu yobisikayo, 27 ndi cosaonekaco, ndipo 5 okha ndiwo zinthu zozolowereka, monga dothi, madzi, nyenyezi ndi matupi athu. Kodi munthu wodziwa nkhuku zisanu m'khola la nkhuku 100 anganene kuti adziwa khola lonse? Ngakhale liwiro la kutalikiranako likali pa mtsutso, pakuti njira imodzi yoyesera ipereka ciwerengero ca 67, ndi inzace 73.

Cinanso cotidandaulitsa ndi ici. Bukuli lifotokoza ganizo la Hawking ndi James Hartle la 1983, lakuti nthawi iribe malire paciyambi, monga mpira ulibe ngondya. Ndipo pa ganizoli afunsa ngati patsala malo a Mlengi. Iye anabvomera kuti ndi ganizo cabe, koma wowerenga wofulumira saona mau amenewo, nalandira colingalira ngati cotsimikizika. Ganizolo silinatsimikizidwe ndi muyeso uli wonse. Ngakhale ciphunzitso cace cochuka ca 1974, cakuti maenje akuda a kuthambo aturutsa kafundidwe pang'ono pang'ono, palibe anakaona kafundidweko kufikira lero. Pano Lemaître, amene anali wansembe ndi katswiri wa masamu, anacita mwanzeru koposa: sanalole kuti masamu ace akhale umboni wa cikhulupiriro, kapena mtsutso wace.

Tsono, abale owerenga, uphungu wathu ndi uwu. Musamletse mwana kuwerenga buku ili, pakuti safunsa anadya phula. Koma akadza kwa inu ndi mau akuru, mumfunse modekha kuti, Kodi ici anaciyesa ndani, liti, ndipo ndi ciani? Akayankha monga za kadamsana wa 1919, mulandire ndi cimwemwe. Akati, Munthu wanzeru anaganiza cotero, mucisunge pambali kufikira umboni utafika. Ndipo inu anyamata, musacite manyazi ndi mafunso otsalawa, pakuti ndiwo munda wosalimidwa. Magawo 95 akali kudikira khasu, ndipo palibe lamulo lakuti wolima wace adzacokera ku Cambridge kokha.