Za Nyalugwe wa pa Cizindikiro ca Nyasaland

Aphunzitsi ena, pofuna kuonetsa ana maonekedwe a nyalugwe, atenga cithunzi ca pa cizindikiro cakale ca Nyasaland, cimene cinakhazikitsidwa m'caka ca 1914, nicisindikizidwanso pa masitampa kuyambira 1934. Tiyenera kuciyesa bwino tisanacipacike m'sukulu.

Cirombo caima pa thanthwe, ndipo pamwamba pace dzuwa lirikutuluka mumdima. Thanthwelo sitilitsutsa. Iye amene anakwerapo phiri la Hora, kapena kuyenda m'mapiri a Viphya, adziwa kuti nyalugwe akonda miyala, kumene kukhala mbira ndi anyani, ndipo nthawi zina aothera dzuwa pomwepo m'mamawa.

Koma mmisiri anasesa chire lonse. Kumbuyo kwa nyalugwe kwayera mbee, kopanda mtengo kapena udzu, ndipo apa ndi pamene cithunzi cisokeretsa. Mawanga a nyalugwe sali cokometsera ai. Ndiwo cobisalira cace, pakuti afanana ndi mithunzi ya masamba a msuku ndi mombo pakugwa pansi. Mwini waceyo saima ciriri poyera monga msilikari pa perete. Akwawa ndi mimba, asaka usiku, nakwera nayo nyama yace mumtengo. Mbusa wamng'ono wophunzira pa cithunzi ici adzapenya pamwamba pa mwala, cirombo ciri m'udzu pafupi ndi mbuzi zace.

Palinso kanthu kena. Pa sitampa malo acepa, ndipo mawanga aoneka ngati timadontho takuda, monga ta njuzi. Koma a m'nthiti mwa nyalugwe akhala ozungulira, pakati pace pofiirira. Tsono njuzi ndi ina, ya miyendo yaitali ndi mcira waufupi, ndipo vumbwe, mdani wa nkhuku, ndi winanso. Kwa M'mbelwa kuno kusiyanitsa kumeneku sikuli kwa cabe, pakuti cikopa ca nyalugwe, amene Angoni amucha ingwe, ndico cobvala ca mafumu. Mphunzitsi wa ku Embangweni kapena Edingeni acita bwino kutuma ana akapenye zikopa pa ingoma, nafunse akulu dzina la ciri conse.

M'caka ca 1964 cizindikiro ca Malawi cinamtsitsa nyalugwe pa thanthwe lace, nicimuimika ndi miyendo iwiri, atagwira cishango pamodzi ndi mkango. Ameneyo tisamtenge konse pophunzitsa za zirombo.