Zikhatho zoyera: nkhani ya Honwana ndi mphunzitsi wa lero

Buku la Luís Bernardo Honwana, Nós Matámos o Cão-Tinhoso, linatuluka mu 1964, caka cimene nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique inayamba. M'caka comweco mlembi wake anamangidwa ndi apolisi a PIDE. Mwa nkhani 7 za m'bukuli muli ina yaifupi kwambiri, As Mãos dos Pretos, imene aphunzitsi a maphunziro a zilankhulo ziwiri ayenera kuiwerenganso mofatsa.

Mnyamata wina akufuna kudziwa cifukwa cake zikhatho za anthu akuda n'zoyera kuposa thupi lonse. Mphunzitsi akuti makolo awo ankayenda cokwawa ngati nyama, dzuwa silinkafika ku zikhathozo. Wansembe akuti n'cifukwa copemphera mobisa atagwirizanitsa manja. Dona Dores akuti Mulungu anaziyeretsa kuti zisamadetse cakudya ca mabwana. Senhor Antunes wogulitsa Coca-Cola akuti anaumbidwa ndi dongo n'kupacikidwa pa utsi. Buku lina likuti n'cifukwa cothyola thonje ku Virginia.

Mphamvu ya nkhaniyi ili poti palibe amene akukalipa. Onse akuyankha mwana mokoma, ena moseka, ndipo mwanayo akungomeza. Honwana anasonyeza kuti tsankho limafika kwa mwana kudzera m'kamwa mwa anthu amene iye amawakhulupirira: kusukulu, kuchalichi, pa sitolo ndi m'mabuku. Mayankho ambiri akutsogolera ku mfundo imodzi, yoti munthu wakuda ndi nyama kapena wanchito. Ndipo amene akuyamba ndi mphunzitsi.

Amayi a mnyamatayo ndi amene akutseka nkhani. Iwo akuti Mulungu anafananitsa zikhatho za anthu onse kuti adziwe kuti nchito iliyonse imagwiridwa ndi manja ofanana, ndiye akulira. Owerenga ambiri amakhutira pamenepa, koma yankholi lili ndi cilema. Amayiwo akutinso Mulungu ananong'oneza bondo atalenga anthu akuda, poona kuti anzawo akuwaseka ndi kuwasandutsa akapolo. Motero ngakhale m'mawu acikondi, muyezo wa munthu ukadali khungu loyera, ndipo wakuda akulandiridwa cifukwa ca kacigawo kamene kafanana ndi ka mzungu. Mwina misozi ya amayiwo ikucokera pomwepo, poti alibe yankho lina lopatsa mwana wawo m'dziko la atsamunda. Mphunzitsi amene angathetse phunziro pa mawu oti tonse ndife amodzi wasiya theka la nkhani osaliwerenga.

Nkhaniyi ikukhudza sukulu za ku Angónia, Macanga ndi Lago mwa njira ina. Zimene zinkanenedwa za khungu zikunenedwabe za cilankhulo. Mawu oti dialecto, amene atsamunda ankachulira zilankhulo za kuno, akumvekabe pa msika ndi pa bwalo la sukulu. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amalemekeza zilankhulo za dziko lino pa ndime 9. Nchito yoyesera ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Cinyanja ku Tete ndi m'Cicangana ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za boma. Komabe mwana akayankha m'Cinyanja n'kuuzidwa kuti alankhule bwino, amamva kuti cilankhulo ca amayi ake si ca nzeru. Akayamikiridwa kuti amalankhula Cipwitikizi ngati si wakumudzi, wapatsidwa yankho lofanana ndi la zikhatho zoyera. Mphunzitsi wonena zimenezi nthawi zambiri alibe coipa mumtima, monganso anthu a m'nkhani ya Honwana.

Njira yabwino yophunzitsira nkhaniyi ndi kuwerenga yankho lililonse m'Cipwitikizi, kenaka ana akambirane m'Cinyanja mafunso awiri: ndani akunena, nanga amene akupindula ndani anthu akakhulupirira zimenezi? Pomaliza apatsidwe yankho limene palibe wamkulu analipereka m'nkhaniyo, loti khungu la m'zikhatho ndi la kuphazi lili ndi melanina wocepa mwa anthu a mitundu yonse.