Amisiri Oyamba Kumene ndi Magazini ya Staffrider

Mmisiri aliyense ali ndi poyambira pace. Woumba mbiya ayamba ndi kamphika kopendekeka, ndipo wosema mitondo ayamba ndi kusema mithiko. Kumudzi mwana wotere sasowa womuuza zoona, pakuti akulu ali pafupi, ndipo mphika ukadontha aliyense aona. Koma nanga mnyamata wa m'tauni amene afuna kujambula zithunzi kapena kulemba ndakatulo, nchito yace akaionetse kuti? Ndani adzamuuze kuti apa wakhoza, apa walephera? Ku South Africa kunali magazini yochedwa Staffrider, imene inasindikizidwa kuyambira 1978 kufikira 1993, ndipo inayesa kuyankha funso limeneli mwa njira yaceyace. Tiyeni tiipime, tione cimene inapatsa amisiri acinyamata ndi cimene inawamana.

Nthawi imene inabadwa

Pa 16 June, 1976, ana a sukulu a ku Soweto anaturuka m'miseu kukana kuphunzitsidwa m'cinenero ca Afrikaans, ndipo apolisi anawaombera mfuti. Caka cotsatira, mu September, Steve Biko anafa ali m'manja mwa apolisi, ndipo pa 19 October, 1977, boma linatseka mabungwe ambiri a anthu akuda pamodzi ndi nyuzipepala ya The World. Motero acinyamata anali ndi zambiri mumtima, koma analibe ponenera. M'makomboni munayamba timagulu ta olemba, oyimba ndi ojambula, tosonkhana m'nyumba za anthu ndi m'maholo a chalici.

Mu March 1978 nyumba yosindikiza mabuku ya Ravan Press ku Johannesburg inaturutsa Staffrider yoyamba. Amene anatsogolera nchitoyi anali Bambo Mike Kirkwood ndi Bambo Mothobi Mutloatse. Dzinalo analitenga pa mau a m'komboni onena za mnyamata amene akwera sitima ikuthamanga, nalendewera pa citseko kapena kukhala pa denga. Munthu wotere ndi wosamvera malamulo, moyo wace uli pangozi, komabe aona zinthu zimene okhala m'kati saziona. Dzinali linauziratu owerenga mtundu wa amisiri amene adzakomana nao.

Cacilendo ceniceni cinali mayendetsedwe ace. Pa zaka zoyamba akonzi anakana kukhala oweruza. Gulu lililonse linasankha lokha zimene lifuna kutumiza, ndipo pamwamba pa tsamba panalembedwa dzina la malo kumene zacokera. Cotero munthu potsegula masamba anayenda ulendo: apa gulu la Creative Youth Association la ku Diepkloof, apa la Bayajula la ku KwaThema, apo la Mpumalanga Arts Group la ku Hammarsdale. Ndakatulo ya mwana wongosiya kumene sukulu inakhala pafupi ndi nkhani ya mlembi wochuka. Magulu omwewo ndiwo anagulitsa magaziniyo pamanja, m'sitima ndi m'misonkhano, kotero kuti boma likailetsa, monga linacitira ndi yoyamba ija, makope ambiri anali atafika kale kwa anthu.

Kumene anatunga nzeru zao

Pansi pa lamulo la maphunziro a anthu akuda la 1953, sukulu zophunzitsa kujambula zinali zowerengeka. Ambiri a anyamatawa sanalowepo m'nyumba yosungiramo zithunzi za amisiri akale. Tsono anatunga kuti? Tiona zitsime zitatu.

Coyamba cinali maso ao. Anajambula zimene anakula nazo: sitima yodzaza m'mamawa, mzere wa anthu pa ofesi ya zitupa, wogwira nchito mu mgodi, mai wobereka mwana kumbuyo, maliro. Ici ndico cuma cacikulu ca magaziniyi. Mzungu wodutsa pa galimoto akanatha kujambula denga la malata, koma sakanadziwa mmene munthu aimira pamene wapolisi alikuyang'ana citupa cace. Bambo Mtutuzeli Matshoba analemba nkhani zace mwa njira yomweyi, monga munthu wosimbira anzace zimene waona paulendo, ndipo Mai Miriam Tlali anayenda m'Soweto kufunsa anthu wamba za moyo wao, nalemba mau ao monga anawalankhulira.

Caciwiri cinali amisiri amene anawatsogolera. Wamkulu wa iwo anali Dumile Feni, amene anajambula ndi makala anthu a matupi opindika, a manja akuluakulu ndi nkhope zozunzika. Iye anacoka m'dzikomo mu 1968 ndipo anafera ku New York mu 1991, koma dzanja lace linatsala m'manja mwa anyamata ambiri. Ena anapyola pa sukulu ya mishoni ya Lutheran ku Rorke's Drift, m'dera la Natal, kumene maphunziro a kujambula anacitika kuyambira 1968 kufikira 1982. Kumeneko Azaria Mbatha anasimba nkhani za m'Baibulo ndi anthu obvala Cizulu, m'mizere yotsatana monga masamba a buku, ndipo John Muafangejo wa ku Namibia anasema mau m'kati mwa cithunzi ceniceni, kuti munthu aone ndi kuwerenga nthawi imodzi.

Cacitatu cinali ciphunzitso ca Biko ndi anzace, cakuti munthu wakuda aleke kudziyang'ana ndi maso a mnzace woyera. Cifukwa ca ici anyamata anatembenukira ku ng'oma, ku ndakatulo zotamanda mafumu ndi ku zosema za makolo. Bambo Matsemela Manaka wa ku Diepkloof ndiye citsanzo: anali wojambula, wolemba ndakatulo ndi wolemba masewero, ndipo kwa iye zonsezi zinali nchito imodzi, monga pa gule kuimba, kubvina ndi cigoba ca kumaso sizilekana.

Kagwiridwe ka nchito

Kuti timvetse zithunzizi tiyenera kudziwa zipangizo zace. Utoto wa mafuta ndi nsaru yojambulapo zinali za mtengo wapatali, ndiponso magaziniyo inadindidwa makamaka ndi inki yakuda. Motero amisiri anagwiritsa pensulo, makala, colembera ca inki, ndiponso lino, cinthu colimba cija cimene anthu ayala pansi m'nyumba.

Nchito ya lino iyenda motere. Mmisiri ajambula cithunzi pa cidutswa ca lino, koma motembenuza, pakuti ca kumanja cidzaturuka kumanzere. Atatero atenga kampeni kokumbira nacotsa malo onse amene afuna kuti akhale oyera. Pamene patsala apaka inki, aikapo pepala, nalikhuta ndi kumbuyo kwa supuni. Cidutswa cimodzi cibala zithunzi zambiri, ndipo munthu atha kugwira nchito yonseyi pa tebulo la m'khicini, ndi nyali ya parafini.

Lino ndi mphunzitsi waukali. Pensulo ilola munthu kufufuta, koma cimene mpeni wacotsa sicibwerera. Palibe mtundu wapakati, pali cakuda ndi coyera basi. Cifukwa cace mmisiri ayenera kuganiza asanaseme, nasankhe mizere yocepa imene idzanyamula nkhani yonse. Zithunzi zabwino koposa za nthawi imeneyo zili ndi mphamvu yocokera pa kusowa kumeneku. Umphawi wa zipangizo unawaphunzitsa kusataya mzere pacabe, cinthu cimene ophunzira a m'sukulu zazikulu amatenga zaka kuti acidziwe.

Pamene panali pofooka

Koma tisabise mau. Munthu akawerenga makope ambiri motsatana, ayamba kutopa. Nkhonya yokwezedwa, unyolo woduka, waya waminga, misozi pa tsaya: zizindikiro zimenezi zibwera kawirikawiri, kufikira diso lingodutsapo osaima. Mmisiri woyamba kujambula unyolo anaona kanthu. Wa makumi awiri anangoona cithunzi ca mnzace. Cimodzimodzi ndi otsanzira Dumile. Iye anapinda matupi cifukwa anadziwa bwino mmene thupi liimira, ndipo anapinda pamene anafuna. Ambiri omtsata anapinda cifukwa sanathe kujambula dzanja loongoka, ndipo kulephera kwao kunabisala m'dzina la cisoni.

Apa ndi pamene mayendetsedwe aja anabala zipatso ziwiri. Kukana kuweruza kunatsegulira khomo anthu amene sakanalowa pena paliponse, ndipo ici ncoyamika. Koma gulu la abwenzi sicinthu capafupi kuti liuze mnzao kuti ndakatulo yace njosapsa. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Mnyamata amene nchito yace yoyamba yadindidwa popanda womufunsa funso, aganiza kuti wafika, pamene ulendo wangoyamba. Cina cosowa cinali mau a akazi. Ngakhale Mai Tlali ndi ena owerengeka analembamo, masamba ambiri anali a amuna, ndipo mkazi anaoneka kawirikawiri monga mai wolira m'cithunzi ca mwamuna, osati monga mmisiri wogwira mpeni yekha.

Cokondweretsa ncakuti cidzudzulo cacikulu cinaturuka m'magazini momwemo. Mu 1984 Bambo Njabulo Ndebele analembamo nkhani yopima nthano za Yashar Kemal wa ku Turkey. Anaonetsa kuti mlembi uja, posimba za alimi osauka, analowa m'mitima yao, pamene olemba ambiri a ku South Africa anangoonetsa zoipa zoonekera kunja, wozunza mbali iyi, wozunzidwa mbali iyo. Nkhani yotere iuza wowerenga cimene adziwa kale. Iwo anapempha amisiri kuti abwerere ku moyo wa masiku onse, kumene anthu akondana, akangana, nalera ana ngakhale pakati pa mabvuto. Mu 1989 Bambo Albie Sachs anakweza mfundo yofanana m'kalata imene inakambidwa pa msonkhano wa cipani ca ANC ku Lusaka. Iwo anati anzao aleke kwa zaka zisanu kucha luso cida ca nkhondo, pakuti mau amenewo anacepetsa zimene mmisiri aloledwa kuona.

Ena anakwiya nao, ndipo mkwiyo wao unali ndi cifukwa. Nyumba ikupsa, kodi munthu aimba nyimbo ya cikondi? Thami Mnyele, wojambula amene anaphunzira ku Rorke's Drift nathawira ku Botswana, anaphedwa ndi asilikali a South Africa ku Gaborone pa 14 June, 1985. Kwa anthu otere luso silinali masewera, ndipo ife amene tiwerenga pa mtendere tiyenera kuweruza modzicepetsa. Komabe mfundo ya a Ndebele iima. Taonani zithunzi zimene Santu Mofokeng, wa gulu la ojambula ndi kamera la Afrapix, anajambula mu 1986 m'sitima ya pakati pa Soweto ndi Johannesburg. Anaonetsa anthu opita ku nchito atasandutsa sitima kukhala chalici, alikuimba, kulalika ndi kupemphera. Mulibe wapolisi m'zithunzizo, mulibe nkhonya. Koma woziona afunsa yekha: cifukwa ninji anthu awa akhala kutali cotere ndi nchito yao, kuti nthawi yopembedza aipeze m'sitima? Tsankho lonse lili momwemo, ndipo lilasa mtima koposa unyolo wojambulidwa.

Ciweruzo cathu

Tikaika zonse pa muyeso, Staffrider ipambana. Zambiri za m'masamba ace zinafota pamodzi ndi nthawi yace, koma ici sicacilendo, pakuti pa nazale si mbande zonse zimene zikhala mitengo. Nchito ya magazini yotere siyo kusunga zokoma zokhazokha iai, koma kupatsa woyamba malo oyambira, ndi kumuonetsa kuti ku komboni lina kuli mnzace amene alimbana ndi funso lomwelo. Pambuyo pace akonzi monga Bambo Chris van Wyk ndi Bambo Andries Oliphant anayamba kusankha mosamala, ndipo nchito inakwera, ngakhale kuti fungo lija la m'komboni linacepa. Zioneka kuti zinthu ziwirizi, khomo lotseguka ndi diso laukali, nzobvuta kuzisunga m'nyumba imodzi, koma mmisiri woyamba afuna zonse ziwiri.

Inu amene mwatsiriza sukulu ndipo dzanja likunyerenyetsani kuti mujambule kapena kulemba, tengani maphunziro atatu kwa anzanu a ku Soweto. Musadikire zipangizo za mtengo wapatali, pakuti khala la pa mbaula ndi pepala la simenti zikwanira poyamba. Jambulani cimene maso anu aona, amai anu alikusankha nyemba, kapena anyamata okankha wilibala pa msika, osati cimene mwaona m'cithunzi ca wina. Ndipo mukapanga gulu, pakuti mutu umodzi susenza denga, musankhemo anthu amene sadzaopa kukuuzani kuti dzanja ili mwalijambula molakwa. Bwenzi lokuyamikani tsiku lililonse lidzakusiyani pamene linakupezani. Amene akubwezerani pepala kuti mukayesenso ndiye adzakusandutsani mmisiri.