Khutu Lophunzitsidwa Kusamva

M'chaka cha 2006 wailesi ya BBC idapempha Daniel Barenboim kuti akambe nkhani zisanu zimene zimatchedwa Reith Lectures. Bamboyu, amene adabadwira ku Buenos Aires mu 1942, anali atatsogolera gulu la oimba la Chicago Symphony Orchestra kuyambira mu 1991, ndipo chaka chimenecho ndiye anali kutsazika. Munthu akadayembekeza kuti adandaula za kuchepa kwa ndalama, kapena za imvi zimene zachuluka pa mipando ya omvera. Iye adaloza chala kwina: adati vuto lili m'khutu.

Maganizo ake ndi awa. Khutu limayamba kugwira ntchito mwana akali m'mimba mwa mai wake, maso asanaone kanthu. Koma mwanayo akabadwa, timamphunzitsa kupenya, osamphunzitsa kumvera. Kenaka tidzaza nyimbo m'sitolo, m'ndege ndi m'malo odyera, nyimbo zoti munthu azimve popanda kuzimvera. Iye mwini adadandaula kuti amatha kumva nyimbo ya Brahms m'chikepe cha pa hotela, chonsecho ndi yomwe akatsogolere madzulo ake. Tsono munthu amene wazolowera tsiku lonse kutseka khutu, adzalitsekula bwanji akakhala pansi kwa ola lathunthu pamaso pa oimba? Apa Barenboim walasa. Ife amene timaima pa guwa tikudziwa kuti Paulo Woyera, polembera Aroma, adamangirira chikhulupiriro pa kumva, ndipo khutu logontha dala ndi tsoka la mlaliki monga liri tsoka la woimba.

Koma pali chitsanzo chimodzi chimene adapereka ku Chicago, chimene ndifuna tichiunike bwino, pakuti pamenepo ndipo ndisiyana naye. Kampani ina ya ku America idatsatsa zimbudzi pa wailesi yakanema ndi nyimbo ya Lacrimosa, yochokera m'Misa ya akufa ya Mozart. Munthu wina atadandaula, eni kampani adayankha kuti sadadziwe kuti nyimboyo ndi yachipembedzo, ndipo adaikapo ina, chiyambi cha Tannhäuser ya Wagner, ati chifukwa ilibe za Mulungu. Nkhaniyi iseketsa, pakuti nyimbo imene imatsekula Tannhäuser ndi ya amwendamnjira opita ku Roma kukapempha chikhululukiro cha machimo. Chimene chidampweteka Barenboim n'chakuti eni kampani adangoona cholakwira chipembedzo, osaona kuti nyimbo payokha yanyozedwa.

Kodi ziwirizi n'zolekanitsika? Lacrimosa ndi ndime yomaliza ya Dies irae, pemphero lakale la Chilatini lonena za tsiku la chiweruzo, ndipo ndimeyi ipempha Ambuye Yesu kuti apatse akufa mpumulo. Mozart adangolemba chiyambi chake chokha, namwalira pa 5 December 1791. Amene adaitsiriza ndi Franz Xaver Süssmayr. Kusisima kwa mavayolini, ndi kukwera kwa mawu pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mtolo pa chitunda, zonsezo Mozart adazipanga potumikira mawu a pempherolo. Mukachotsa pemphero, kusisimako kukhala kwa yani, ndipo kulinga kwa yani? Barenboim afuna tilemekeze nyimbo chifukwa ndi nyimbo. Ine nditi nyimbo iyi idabadwa yogwada, ndipo woimvera bwino ayenera kudziwa amene ikumgwadira, ngakhale iye mwini asagwade.

Apa ndipo pali funso limene wotsogolera oimba sakonda kulifunsa. Asanaitenge a malonda, Misa ya akufayi idayamba yatengedwa ndi nyumba za zoimbaimba. Kumeneko anthu agula tikiti, akhala pa mipando yofewa, amva anzao akupempherera akufa, kenaka aomba m'manja ndi kupita kukadya. Inde, amamvera mwachete ndi mwaulemu, ndipo kutero n'kosiyana kutalitali ndi kutsatsa chimbudzi. Komabe ulendo wochoka pa guwa udayambira pomwepo. Nyimbo ikazolowera kukhala yopanda kwao, aliyense aitola.

Ifenso a Mpingo tisadziyeretse. Missale ya 1970 idachotsa Dies irae m'Misa ya maliro, ndipo zifukwa zake zinali zomveka: maliro a mkhristu aonetse chiyembekezo cha kuuka kwa akufa koposa mantha a chiweruzo. Koma zotsatira zake n'zakuti lero pemphero limeneli alisunga kwambiri ndi oimba a orchestra, ambiri mwa iwo osadziwa Chilatini. Nkhuyu zodya mwana zipota mkulu: tidasiya ndife, ndipo tikudabwa kuti ena atola molakwika.

Kubwezera nyimbo kwao n'kotheka. Pa 5 December 1991, patapita zaka 200 Mozart atamwalira, Georg Solti adatsogolera Vienna Philharmonic m'tchalitchi chachikulu cha Stefano Woyera ku Vienna, ndipo Misa ya akufayi idaimbidwa mkati mwa Nsembe ya Misa yeniyeni, mawerengo ndi mapemphero ali m'malo mwake. Oimba anali omwewo a m'nyumba za tikiti, zipangizo zomwezo. Lacrimosa itatha panalibe woomba m'manja, pakuti Misa inali kupitirira.