Diso la mawangamawanga

Tintchentche timene timazungulira nthochi zakupsa tili ndi maso ofiira psuu. M'chaka cha 1930, Hermann Muller, atatiwomba ndi ma X-ray ku Texas, anapeza tina ta maso amawangamawanga: apa pofiira, apa poyera, m'diso limodzi lomwelo. Jini yopatsa diso mtundu, yotchedwa white, sinawonongeke ayi. Chigawo cha kromozomu X chinathyoka n'kutembenuzika, jiniyo n'kukapezeka pafupi ndi heterochromatin, dera limene DNA imakulungidwa mothina ngati mkeka womanga ndi luzi. M'maselo ena kuthinako kumafalikira n'kuitsekera jiniyo, mwa ena kumalekera panjira. Selo ikagwera mbali imodzi, maselo onse ochokera mwa iyo amatsata momwemo, n'chifukwa chake mtundu umaoneka m'zigamba.

Chimene chimandigwira mtima ndi luso la amene anadza pambuyo pake. Iwo anaona kuti disoli ndi sikelo. Gunter Reuter ndi anzake ku Halle, m'dziko la Germany, anabereketsa tintchentche tosawerengeka, akusaka kamodzi kamene diso lake lafiirirapo kapena layererapo. Zida zake n'zochepa: maikulosikopu, mpweya wogonetsa tizilomboto, ndi kaburashi kofewa kotembenuzira kalikonse osakathyola phiko. Dzanja lizikhala lopepuka, maso osatopa. Diso likafiira, ndiye kuti chomangira china chamasuka. Umu ndi mmene anapezera chomangira chotchedwa Su(var)3-9. Nayo puloteni ya HP1, imene Sarah Elgin ndi Tharappel James anaifotokoza mu 1986, inadzadziwika kuti ndi ya gulu lomweli.

Nanga otsegula? Awa ndi ma transcription factor, mapuloteni okhala pa DNA n'kuitanira makina owerenga jini. GAGA factor ikachepa m'thupi, zigamba zoyera zimakula. Mu 2001, Kami Ahmad ndi Steven Henikoff ku Seattle anachita chinthu chaudongo kwambiri: jini imene ankaiyesa anaisiya pamalo pake pomwepo, n'kungochulukitsa chotsegula chimodzi, GAL4. M'maselo amene jiniyo inali chete, inayamba kugwira ntchito. Kuthinako, ndiye kuti, si khoma la simenti, ndi kukokana kumene mbali iliyonse ingapambane.

Ndipo pali jini ina, light, yobadwira m'kati mwa heterochromatin momwemo. Imeneyo ukaitulutsa n'kuiika poyera, m'pamene imayamba kuzimazima.