"Iwe" ndi "Inu": Pamene Mabuku a Galamala Alekezera Panjira

Mabuku a galamala sataya nthawi pa mau awiri awa. Amati "iwe" ndi wa munthu mmodzi, "inu" ndi wa anthu ambiri, nawonjezapo kuti "inu" ndi mau aulemu. Zonsezi nzoona, koma phunziro lotere latha pamene nkhani ikadayambira. Pakuti ulemu umenewu suyenda mofanana mbali zonse ziwiri. Bwana akati, "Iwe, tenga khasu," wantchito amayankha kuti, "Mwati ndikalime pati, bwana?" Zimatero ngakhale wantchitoyo ali ndi imvi, ndipo bwanayo ali wa msinkhu wa mwana wake. Chimene chagawa mau pamenepa si zaka ai, koma mphamvu ya iye amene agwira malipiro.

Wofuna kuona kulemera kwa mau amenewa ayerekeze buku la Nthondo, limene Samuel Josia Nthara analemba nalandira nalo mphotho mu 1933, ndi Man of Africa, ndilo buku lomwelo monga T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934. Nthondo akula ali mwana wovuta, apita kukagwira ntchito kutali, ndipo pambuyo pake alowa ufumu. M'chinenero cha Nthara munthu wotere sangakhale "iwe" moyo wake wonse. Amene anamdzudzula ali mnyamata ayenera kusintha lilime tsiku limene akhala pa mpando, ndipo khutu la Mchewa limamva kukwera kwake m'mau okha osauzidwa. Chingerezi cha masiku ano chili ndi liu limodzi la mfumu ndi mbusa wa mbuzi yemwe. Womasulira alibe mlandu pamenepo; mlandu uli ndi wolemba galamala amene, potsata Chingerezi, ayesa kusiyana kumeneku kanthu kakang'ono kolemba m'munsi mwa tsamba.

Ndiponso mphamvu sikhala m'mau awiriwa okha. Imaoneka pa amene ayamba kulankhula, amene afunsa, ndi amene akhala chete. Pa bwalo la milandu mfumu imamvetsera onse, nilankhula pomaliza, ndipo ikatha palibe wowonjezapo. Mkamwini pamudzi pa mkazi wake amasunga mau ake ngakhale adziwa bwino kuti nkhokwe yamangidwa mopendekeka. Komanso agogo angathe kutcha mdzukulu wao "amuna anga" nkumaseka naye, ndipo asuwani amatukwanana popanda mlandu, chifukwa pakati pao palibe woopa mnzake. Zonsezi mwana amafika nazo kusukulu atazidziwa kale, koma buku lake silizitchula.

Tsono apa mpamene mphunzitsi watsopano amapunthwa. Atatha kufotokoza masamu amafunsa kuti, "Mwamva?" ndipo kalasi yonse imati, "Eee!" Iye nakondwa, napitirira. Koma mwana woleredwa bwino sauza wamkulu kuti sanafotokoze momveka. Kutero nkumchititsa manyazi. "Eee" wakeyo atanthauza kuti, "Ndinu akulu, sindikutsutsani." Chimodzimodzi mwana amene aweramitsa maso pofunsidwa: kawirikawiri sabisa bodza, angochita zimene amake anamlangiza. Mphunzitsi amene amkalipira kuti, "Ndiyang'ane kumaso!" walanga mwambo poyesa kuti alikulanga mwano, ndipo mwanayo adzatseka pakamwa chaka chonse. Kukadakhala bwino kumpatsa choko kuti awerengere yekha pabolodi, kapena kumleka afotokozere mnzake wa pa benchi limodzi, amene angathe kumuuza mosaopa kuti, "Iwe, walakwa apa."

Ndipo mphunzitsi asayese kuti khalidwe limeneli ndi la ana okha. Tsiku limene woyendera sukulu afika natchula njira yatsopano yophunzitsira kuwerenga, mphunzitsi yemweyo amaimirira, manja kumbuyo, nati, "Inde, bwana, ndamva," angakhale sanamve kanthu.