Kodi Mawu Akuti "Asilikali a M'thupi" Angatifikitse Pati?

Mwa mawu onse amene adakhazikika m'Chicheŵa chifukwa cha mliri wa Edzi, palibe ofanana kutchuka ndi "chitetezo cha m'thupi" ndiponso "asilikali a m'thupi". Adagwira ntchito yotamandika ndithu. Komabe adatisiyira ganizo limodzi lokha, lakuti chitetezo chili ngati chimanga m'nkhokwe: chikachuluka ndi mtendere, chikachepa ndi tsoka. Kafukufuku wa Profesa Georg Schett ndi anzake a ku Erlangen, m'dziko la Germany, akuonetsa poyera pamene ganizoli likupereŵera.

Akatswiriŵa amachiza matenda monga lupus, amene amadza chitetezo chikayamba kulusira mwini wake. Gulu lina la maselo, lotchedwa B, limapanga zida zimene zimalasa impso, khungu ndi mfundo za thupi lomwelo. M'chaka cha 2021 iwo adatenga maselo a gulu la T m'magazi a mtsikana wa zaka 20 wodwala lupus, naŵasintha chibadwa kuti azizindikira chidindo cha CD19 chimene chimakhala pa maselo a B. Ataŵachulukitsa adaŵabwezera m'thupi mwake. Maselo a B adatha, ndipo nthendayo idazilala. Mu 2022 adafalitsa za odwala asanu, ndipo mu 2024 za odwala 15. Maselo a B adamerananso patapita miyezi ingapo, koma osabwera ndi nthenda ija.

Tsono mlembi ayese kulemba zimenezi ndi mawu amene tili nawo. Adzati asilikali adatumidwa kukapha asilikali anzawo, wodwala nachira chifukwa chitetezo chake chidachepetsedwa. Kwa munthu amene kwa zaka zoposa 30 wakhala akumva kuti kutsika kwa chitetezo ndi chiyambi cha maliro, chiganizochi n'chosamveka konse. Cholakwa chili poti mawu amodzi taŵasenzetsa akatundu atatu: dongosolo lonse loteteza thupi, mphamvu zake, ndi chiŵerengero cha maselo a CD4.

Wina anganene kuti izi nza ku Ulaya. Zoonadi, chithandizochi chitaloledwa koyamba ku America mu 2017, pochiza khansa ya m'magazi, mtengo wake udali madola 475,000 pa munthu mmodzi. Koma matenda a mtunduwu tili nawo konkuno. Mwana akadwala zilonda zapakhosi osalandira penisilini, chitetezo chake chikhoza kusokonezeka n'kuwononga zitseko za mtima wake. Namwino wa pa chipatala cha boma cha Rumphi, kapena cha David Gordon Memorial ku Livingstonia, ayenera kufotokozera mayi chifukwa chimene mwanayo azibayidwira jekeseni mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Akangoti "vuto ndi chitetezo", mayiyo amva Edzi, ndipo mwina ulendo wotsatira sabweranso. Tikumbukenso kuti ku Rumphi anthu amalankhula Chitumbuka. Namwino amene waŵerenga uthenga wa zaumoyo m'Chicheŵa amaumasulira yekha pamaso pa wodwala, kotero mawu opotoka kuno amakafika kumeneko atapotoka kaŵiri.

Ife tikuona kuti dzina loyenera ndi "matenda a chitetezo cholusira mwini". Ndi lalitali, inde, koma likunena za khalidwe la chitetezo, osati kuchuluka kwake. "Chitetezo choukira" tikulikana chifukwa kuukira kumafuna maganizo ndi chiwembu, zimene selo lilibe. Liwu lakuti "selo", pochulukitsa "maselo", tilisunge. Ophunzira alizoloŵera, ndipo likulola kusiyanitsa T ndi B, chinthu chimene "msilikali" sangachite.

Pali mawu aŵiri ofunika kuŵapewa kotheratu. Loyamba ndi "katemera". Chithandizochi sichiteteza munthu wabwinobwino; chimaperekedwa kwa wodwala kwambiri, atayamba walandira mankhwala aukali a khansa, ndipo chili ndi zoopsa zake. Lachiŵiri ndi "kupopa magazi". Aliyense wokumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, zimene zidaphetsa anthu, sangaike mawu ameneŵa m'buku la sukulu. Makina aja amangopatula maselo oyera, magazi otsala nabwerera m'thupi nthaŵi yomweyo. Choncho "kupatula maselo m'magazi" n'koona ndiponso n'kosaopseza.

Pa kalembedwe, dzina lachidule la chithandizochi, CAR-T, lisiyidwe momwemo. Tikalilemba monga limvekera likhala "kati", n'kusokonezeka ndi tsinde la "pakati" ndi "mkati". Akonzi aonetsetsenso nkhodolero mu "m'thupi" ndi "m'magazi", pakuti apa "mu" wafupikitsidwa. Kulemba "mthupi" kukuliika liwuli m'gulu la "mthunzi" ndi "mtengo", kumene si kwawo.